Alembi a nthano za amayi apaulendo, yambirani ku mapazi

Akonzi,

Tipatseniko danga tilankhule ndi alembi amene akufuna kulemba nthano za amayi oyenda wapansi ulendo wa mapemphero, amene amanyamuka osadziwana, aliyense ndi chisoni chake, n'kukafika ali paubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo. Nthano zoterezi timazikonda ndipo tikufuna zichuluke m'Chichewa. Chotidandaulitsa n'chakuti mlembi amathamangira misozi ndi kukhululukirana, ulendo weniweniwo n'kuusiya. Amayi anyamuka, ayimba, wina walira, onse achira. Wowerenga amene anayendapo masiku awiri motsatizana amadziwiratu kuti mlembiyo sanayende, ndipo machiritsowo sawakhulupirira. Mayi saulula zakukhosi kwa munthu wongokumana naye dzana chifukwa choti wamulalikira bwino. Amaulula pamene mnzakeyo wagwada pansi n'kugwira phazi lake lotupa.

Tiyerekeze kuti nthano yanu ikuchoka pa Salima kupita pa boma la Nkhotakota potsata msewu wa M5. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 110. Mayi wathanzi wosenza katundu wochepa amayenda makilomita 4 pa ola, koma gulu limayenda liwiro la wotsalira, ndiye werengerani 3. Pa tsiku ndi makilomita 15 mpaka 20, kutanthauza masiku 6 kapena 7, kudzera pa Khombedza, Benga, Mkaika ndi Chia. Mukawafikitsa m'masiku awiri mwawakweza minibasi osadziwa. Kuno kunyanja anthu amanyamuka m'mbandakucha, 4 koloko kapena 5, ndipo pofika 10 koloko amakhala atapeza mthunzi. Mu Okutobala ndi Novembala phula limatentha mpaka kudutsa m'patapata. Nyengo yabwino ndi Juni ndi Julayi, koma pamenepo lembani mwera, mphepo yochokera kummwera imene imawakankha kumsana masana n'kuwazizira usiku pakhonde la tchalitchi. Ndipo ayende kudzanja lamanja moyang'anizana ndi magalimoto, mondondozana, makamaka pa milatho yopapatiza pamene lole ndi kabaza zimalimbirana malo.

Tsopano mapazi. Matuza sabwera tsiku loyamba kwenikweni. Amabwera lachiwiri ndi lachitatu, pachidendene, pansi pa chala chachikulu, ndi pakati pa zala pamene lamba wa patapata amakhula. Chimayambitsa ndi thukuta, mchenga wolowa m'nsapato, ndiponso nsapato yatsopano imene mayi wagula dala kuti akaoneke bwino paulendo woyera. Amene amavutika kwambiri ndi wa nsapato yatsopanoyo, osati agogo a nsapato yakutha. Thuza laling'ono silibooledwa, amangolimata pulasitala. Lalikulu lolepheretsa kuponda amalitsuka ndi sopo, kuphika singano m'madzi owira, kuboola m'mphepete, kufinya madzi pang'onopang'ono, khungu lapamwamba n'kulisiya chifukwa ndilo chivindikiro cha bala. Akalisenda, mawa lake muli mafinya. Ngati mayiyo ali ndi matenda a shuga, salibooledwa m'pang'ono pomwe, apite kuchipatala chapafupi, chifukwa bala la kuphazi kwa wodwala shuga limachedwa kupola ndipo iye mwina sakumva n'kuwawa komwe. Taonani nthano yomwe ili pamenepo: mayi amene wabisira anzake matenda, ndi mnzake amene wazindikira poona phazi. Zonsezi zimachitika madzulo, beseni la madzi ofunda othira mchere lili pakati, tochi ya foni itagwiridwa ndi wachitatu. Wobooledwayo amayang'ana kumbali kuti asaone singano, ndipo poyang'ana kumbalipo ndi pamene mawu amatuluka.

Palinso zimene alembi amachita nazo manyazi. Ntchafu zimanyuka chifukwa chokhulana, ndipo mankhwala ake ndi Vaseline ndi kabudula wamkati mwa chitenje. Pa amayi khumi oyenda sabata yathunthu, wina adzakhala kumwezi, adzafuna pochapira ndi poyanika posaonekera, ndipo amene adzamutchingire ndi chitenje kuseri kwa sukulu ndiye mnzake weniweni. Wina akumwa ma ARV kapena mankhwala a BP pa nthawi yake. Kabotolo kolira m'chikwama 6 koloko iliyonse kamanena zambiri kuposa tsamba lonse la kulapa.

Madzi ndi malita 3 kapena 4 pa munthu pa tsiku kukatentha, ndipo lita imodzi imalemera kilo imodzi, choncho palibe amasenza onse. Amatunga pa mjigo uliwonse. Wa mutu, chizungulire ndi mkodzo wachikasu chodera wataya madzi m'thupi. Amugoneke pamthunzi, amupatse Thanzi ORS, ndipo ngati palibe, lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni a tiyi 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni ya mchere. Mchere ukachuluka amasanza. Katundu asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa munthu: mayi wa makilo 60 asenze 6. Zitenje ziwiri, chofunda, neti, mbale, kapu, sopo, Baibulo kapena kolona. Ufa amagula m'njira, pafupifupi theka la kilo pa munthu pa tsiku, ndiwo zake usipa. Akamayandikira Nkhotakota akumana ndi kondowole, ndipo mayi wochokera kumtunda amene sanazolowere kumeza osatafuna aseketsa gulu lonse, mwina kuseka koyamba kwa namfedwa wa m'gululo chimwalirire mwamuna wake. Chonde musawasambitse pa Chia kapena pamathiriro a mitsinje kuti chithunzi chikongole. Pali ng'ona, ndipo m'madzi odekha a mabango muli likodzo.

Tikudziwa kuti ena amatengera nthano za kunja, za njira yopita ku Santiago de Compostela ku Spain, kumene woyenda makilomita 100 omaliza amalandira chikalata ndipo m'njira muli nyumba zogona apaulendo. Kumeneko munthu amayenda yekha n'kukumana ndi anzake mwangozi. Kuno mayi woyenda yekha ndi chikwama sabata yathunthu amafunsidwa ngati wathawa kubanja. Athu amayenda pagulu, ndi kalata ya abusa kapena ansembe, ndipo akafika pamudzi amayamba apita kwa amfumu kukaonekera asanayale mphasa m'tchalitchi kapena m'kalasi. Sayitanana mayina ayi. Ndi “anaphiri”, “amake Chisomo”, “amayi abusa”, “agogo”. Tsiku limene “mayi” wasanduka “achemwali” kapena “asisi”, wowerenga adziwa yekha kuti china chasintha. Kumbukiraninso kuti m'Salima ndi m'Nkhotakota muli Asilamu ambiri. Mayi wa hijabu amene watulutsa ndowa ya madzi ndi mpando kwa amayi a yunifolomu ya mpingo si chozizwitsa chofunika ndime zitatu, n'zatsiku ndi tsiku, ndipo zilembedwe choncho.

Chisoni chomwe anyamula chikhale chakwathu. Mayi amene mwana wake anabadwa wakufa n'kuikidwa ngati mtayo, amayi okhaokha, iye n'kuuzidwa kuti asalire. Namfedwa amene achibale a mwamuna anatenga malata ndi njinga. Wonenedwa kuti chumba pa mjigo. Oterewa salankhula tsiku loyamba, tsikulo n'lanyimbo ndi mphamvu. Lachitatu ndi la mikangano: wina akuchedwetsa, wina sakutunga madzi, ndalama ya ndiwo yaperewera ndipo msungichuma akukayikiridwa. Musaudumphe mkanganowo. Kulankhula kwenikweni kumabwera lachinayi kapena lachisanu, awiri atatsalira kumbuyo, akuyenda moyandikana osayang'anana kumaso, mawu amodzi pano, ena patatha kilomita. Ndipo womverayo kawirikawiri sayankha ndi vesi. Amangoti “pepani asisi”, n'kumulanda chikwama.

Pofikira muli nazo zambiri zoona. Pa Nkhotakota pali tchalitchi cha Anglican cha All Saints, kumene anaikidwa Bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanja mu 1895. Pali mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mfumu yogulitsa akapolo, pa nkhani ya malondawo, pa doko limene anthu ambirimbiri anafikapo wapansi, atamangidwa, asanawolotsedwe nyanja. Mayi amene wafika ndi mapazi otupa mwa kufuna kwake sangaime pamenepo osaganizira zimenezo. Pali akasupe otentha a Mawira, kumene angaviike miyendo. Kenako muwakweze minibasi yobwerera ku Salima, mtunda wa sabata uja authe m'maola awiri kapena atatu, akuloza pawindo mjigo uja, mtengo wa mango uja. Malata a namfedwa sanabwerere ndipo mwana uja sanauke. Mulembe amene watsika poyamba, ndi amene wamugwirira chikwama pokwera kabaza.

Ife,
Amayi otsogolera maulendo a mapemphero,
Nkhotakota