Pempho: tithandizeni kumanga hositelo ya atsikana pa CDSS yathu

Abale ndi alongo, makamaka inu akuno ku Nkhotakota amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Joni ndi kwina konse, komiti ya sekondale yathu yoyendera ikupempha thandizo lanu. Tikufuna kumanga hositelo ya atsikana. Takhala pansi ndi makolo, aphunzitsi, amayi a mother group komanso agulupu, onse avomera, ndipo malo amfumu atipatsa kale kuseri kwa sukulu.

Vuto lake ambiri mukulidziwa. Ana athu amachokera kutali, ena kumtunda kufupi ndi mpanda wa nkhalango, ena kunyanja, ndiye amene sangathe kuyenda tsiku ndi tsiku amangolowa selefu. Mwana wa folomu 1 kuchita lendi kachipinda kuseri kwa golosale, chitseko chotseka ndi msomali, chimbudzi chogawana ndi anthu a kubala, ufa ukatha pakati pa mwezi palibe womufunsa kuti wadya chani, amene amafunsa ndi azibambo okhala ndi ndalama za usipa m'thumba. Ena amasiya sukulu ndi mimba asanalembe ndi JCE yomwe. Zimatipweteka kwambiri.

Tsono nkhani yagona pa kamangidwe. Malo atipatsawo ndi otsetsereka pang'ono, pali mitengo ya mango ikuluikulu imene anadzala agogo athu, mkuyu umodzi, ndipo kumunsi kwake kuli dambo. Ena anati tibweretse giledala isalaze ponse, mitengo igwetsedwe tiotchere njerwa, timange chinyumba chimodzi chachitali basi. Titawerengera tinaona kuti ndalama ya giledala ndi dizilo wake ingathe kugula malata ambiri, komanso mukasalaza malo otsetsereka dothi lothirathira lija limadzatitimira, khoma nkung'aluka mvula ziwiri zisanathe. Ndiye tagwirizana kuti malowo tiwasiye mmene alili, nyumba ndi zimene zitsatire malo.

Pulani yathu ndi iyi. Timange nyumba ziwiri zazifupi zopingasa chitunda ngati mmene timalimira mizere ya akalozera, ina kumtunda ina kumunsi pang'ono, pakati pake masitepe ndi bwalo la pansi pa mango poti ana aziwerengera masana. Makoma aatali ayang'ane kumwera ndi kumpoto, mawindo mbali zonse ziwiri moyang'anizana, kuti mwera ukamaomba nthawi yozizira kapena mpoto nthawi yotentha mphepo izidutsa. Amene munagonapo kuno mu Okutobala mukudziwa kuti nyumba ya malata yopanda mpweya usiku sugona, ndipo mwana akamva kutentha amataya neti, kenako malungo. Dzuwa la kumadzulo lija lowawa lizitchingidwa ndi mitengo yomweyo anthu amafuna kugwetsa. Denga likhale lokwera ndithu, khonde lalikulu loteteza khoma ku mvula, ndipo milimo imangidwe ndi waya kuchokera mkati mwa khoma chifukwa mphepo ya mvula zoyamba kuno imasasula masukulu chaka ndi chaka.

Za madzi sitikuchita nazo masewera. Mu 2024 tonse tinaona zimene zinachitika ku Dwangwa madzi atasefukira, anthu kukakhala m'makampu, komanso nyanja itakwera nkulowa m'nyumba za anthu m'mbali mwa gombe. Chifukwa chake kudambo kuja sitimangako kanthu, kukhale dimba la ana la ndiwo zamasamba, nthochi ndi mbatata. Maziko akhale okwera, kumtunda kwa nyumba tikumbe ngalande yopatutsa madzi ndi kudzala vetiva, udzu umene alangizi anatiphunzitsa kale ndipo mbewu yake tili nayo m'minda mwathu, sitigula. Madzi a padenga tikufuna azilowa mu tanki kuti ana azichapira ndi kusamba mjigo ukakhala ndi mzere. Zimbudzi zikhale kumunsi, mamita osachepera 30 kuchoka pa mjigo, ndipo maenje ake amangiridwe mkati poti dothi lamchenga limagumuka, izi aliyense wakunyanja amadziwa.

Njerwa sitiotcha. Kuyambira 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga ngati masukulu, komanso kunena zoona nkhuni zake tizitenga kuti, nkhalango ili mu mpanda chibwerereni a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks mu 2015, ndipo mitengo yam'mudzi yatha ndi makala ndi kuwamba nsomba. Mabuloko a simenti ndi abwino koma mtengo wake sitingaufikire. Tasankha njerwa zopana pa makina, zija amati SSB, dothi la katondo losefa kusakaniza ndi simenti pang'ono, kupana, kenako kuziika pamthunzi nkumazithirira mpaka zikhwime. Dothi lake lilipo pafupi pomwepa, njerwazo zimatuluka zosalala moti pulasitala safunika paliponse, ndipo nyumba yake mkati simatentha msanga.

Ife mbali yathu tayamba kale. Midzi yagawana masiku otuta mchenga ndi miyala, amayi alonjeza madzi, anyamata ena amene anaphunzira zomangamanga ndi ukalipentala avomera kugwira pa mtengo wachibale. Pempho ku thumba la chitukuko cha m'dera la CDF tapereka kudzera ku makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, koma mukudziwa kuti zofuna m'dera ndi zambiri, milatho, zipatala, ndiye sitingangokhala manja lende kudikira.

Zimene zatikanika patokha ndi izi. Choyamba penipeni tikufuna munthu wodziwa, injiniya kapena wojambula mapulani, abwere adzaone malowa ndi maso, ayeze dothi ngati lingapange njerwazo, atikonzere pulani yoti tikapereke ku khonsolo. Zomwe talemba pamwambazi ndi nzeru za anthu a pamudzi ndi amisiri athu, pena pake pakufunika wa sukulu yake atiwongole, makamaka za mizu ya mango kuti maziko atalikire bwanji komanso zoteteza ku chiswe. Chachiwiri makina opanira njerwa, ngakhale obwereka kwa miyezi ingapo, tiwasamala ndipo tibweza. Kenako simenti, malata, matabwa, misomali, waya, mafelemu a zitseko ndi mawindo, gozi wa udzudzu, tanki, ndi sola yoti ana aziwerengera usiku. Mabedi ndi matilesi tidzapemphanso nyumba zikaima. Amene muli ndi lole yodutsa pa M5 yopanda katundu, kutinyamulira matumba kuchoka ku Salima kapena pa boma ndi thandizo lalikulu zedi.

Musadere nkhawa kuti chochepa sichithandiza, thumba limodzi la simenti kapena lata limodzi tilandira ndi manja awiri. Tikonda kulandira katundu kusiyana ndi ndalama, koma ndalama ikabwera izilowa ku akaunti ya sukulu yosainira anthu atatu, osati pa foni ya munthu, ndipo chilichonse cholandiridwa tizilemba m'kaundula nkuwerenga pa msonkhano wa makolo temu iliyonse. Njerwa zikufunika kupanidwa chilimwe chino kuti mvula ikamayamba nyumba yoyamba ikhale itafoleredwa. Amene mukufuna kuona malo kaye, fikirani ku ofesi ya ahedi tsiku lililonse la sukulu, wa komiti adzakuperekezani.

Zikomo kwambiri, ndife komiti ya sukulu pamodzi ndi makolo.