Kalata kwa mnzanga wa ku Pretoria

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko. Kuno ku Zomba tilipo ndithu, mvula yayamba bwino ndipo tadzala kale.

Chandilembetsa kalatayi ndi ma Bee Gees, gulu loimba lija la abale atatu, Barry, Robin ndi Maurice. Mwana wanga wandiikira pa foni kanema wa konsati yawo yotchedwa One Night Only, imene anachitira ku MGM Grand ku Las Vegas mu Novembala 1997. Yonse ndi yabwino, mpaka Celine Dion anakwera nawo pa siteji, koma chimene chandigwira mtima ndi pamene afika pa Stayin' Alive, chakumapeto. Uyifunefune pa YouTube, ndipo usandiuze za bandulo, nyimbo imodzi yokhayi sikuthera ndalama.

Taganiza, nyimboyi inatuluka mu 1977 pamodzi ndi filimu ya John Travolta ija, Saturday Night Fever. Ndiye kuti usiku umenewo panali patapita zaka 20. Barry anali ndi zaka 51, mapasa aja Robin ndi Maurice akuyandikira 48. Koma gitala itangoyamba, Barry n'kukweza mawu ake ang'ono aja, azing'ono ake n'kumulandira, thupi langa lonse linachita tsembwe. Mawu a anthu a bere limodzi amalukana mwanjira yakeyake, suungadziwe pothera wina ndi poyambira mnzake. Savina ngati Travolta ayi. Angoima pamenepo, kuimba basi, ovina ndi anthu a muholo.

Umvetsere bwino ng'oma. Pojambula nyimboyi ku studio ya ku France, woimba ng'oma wawo, Dennis Bryon, anali atapita kwawo ku maliro. M'malo modikira, anadula kachidutswa ka tepi ya ng'oma za nyimbo yawo ina, Night Fever, n'kulumikiza nsonga zake kuti kazingozungulira. Ndiye kugunda kuja tinkavina pa kaseti yako yakuda ija kunali kwa tepi yozungulira, kosasuntha ngakhale pang'ono. Ku Las Vegas kuli munthu weniweni kumbuyo akumenya ng'oma, ndipo kwa ine nyimboyo ikumveka yopuma, yamoyo kuposa ya pa kaseti. Liwiro lake ndi la kugunda 103 pa mphindi, n'chifukwa chake ophunzitsa za chithandizo choyamba amauza anthu kuti aziikumbukira podinikiza pachifuwa cha munthu amene mtima wake waima.

Chomwe chikundipatsa ulemu pa anthuwa ndi kumene anadutsa asanafike pa siteji imeneyo. Mu 1979 ku Chicago khamu linasonkhana pa bwalo la masewero n'kuphulitsa mulu wa malekodi a disko, ndipo mawailesi ambiri a ku America anayamba kusala ma Bee Gees popeza ankadziwika ndi nyimbo za disko. Iwo sanataye mtima. Anakhala pansi kulembera ena nyimbo: Barbra Streisand, Dionne Warwick, ndiponso Kenny Rogers ndi Dolly Parton, amene amalume ako ankawakonda kwambiri. Pofika 1997 anthu anali atabwerera kwa iwo, ndipo chaka chomwecho anawalowetsa mu Rock and Roll Hall of Fame, mndandanda waulemu wa oimba otchuka. Choncho akuiimba mosachita manyazi, mitu ili m'mwamba.

Ife tinkangovina osamva zomwe akunena. Tsopano ndamvetsera mawu ake modekha. Si nyimbo ya chisangalalo konse. Ndi ya munthu wa mu mzinda wa New York amene moyo wamuthina, sakuona kolowera, akupempha womuthandiza, koma akuyendabe mwamphamvu. Ndinaganiza za iwe zaka zako zoyamba kumeneko, ukugona m'kachipinda kamodzi ndi anyamata anzako, koma osalephera kutumiza kangachepe kwa amayi.

Zimandiwawa kuti pa atatu amene aima pamenepo watsala Barry yekha. Maurice anamwalira mu 2003, Robin mu 2012, ndipo wamng'ono wawo Andy anatsogola kale mu 1988 ali ndi zaka 30 zokha. Mu konsati yomweyo anaonetsa kanema wake pa sikirini, iwo n'kumaimba naye limodzi.

Kodi ukudziwa kuti mu Novembala 1998 anabwera ndi konsati imeneyi ku bwalo la masewero la Loftus Versfeld, komweko ku Pretoria? Tafunsa achikulire a kuntchito kwako, mwina alipo amene analowa. Ndikufuna ndimve mmene zinalili pabwalo lalikulu ngati limenelo.

Undiperekere moni kwa alamu. Amayi ako ndinawaona Lamlungu kutchalitchi, ali bwino, akufunsa ngati ubwere pa Khirisimasi.

Ndine mnzako wakalekale,
wa ku Zomba