Musathire simenti m'khitchini ndisanaone tepi

Johannesburg
Lamlungu usiku

Amayi a ana,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana ndi agogo. Ine ndadzuka tsopano. Chimfine chija chinandigoneka masiku anayi, changotsala kachifuwa ka m'mawa. Masiku anayiwo abwana adula, n'chifukwa chake pa Mukuru Lachisanu ndatumiza R2,500 m'malo mwa R3,500 ija ndinalonjeza. Mukatenge nokha ndi chitupa chanu. Musatume munthu, ngakhale atakuuzani kuti akupita komweko.

Kalatayi ndalemba pamanja n'kupatsira adalaivala a katundu chifukwa foni yanu masiku ano ikuyankhidwa ndi anthu ambiri. Muwerengere kuchipinda.

Chithunzi cha nyumba chimene mwana wamkulu ananditumizira ndachiyang'ana usiku wonse wa Lachiwiri. Ndinachikulitsa pafoni n'kuyamba kuwerenga njerwa za khoma la khitchini, kuchokera pakona kukafika pakona. Chikombole chija ndinakhoma ndekha ndisananyamuke, njerwa yake ndi masentimita 23, ndi matope omangira imafika 24. Chipinda cha mamita 4 chimafuna njerwa pafupifupi 17 pamzere umodzi. Ine ndawerenga 13. Ndabwereza katatu, 13 yemweyo. Njerwa 13 ndi mamita atatu basi, amayi. Mita inayo yapita kuti? Ndinatumiza ndalama ya khitchini ya mamita 4 kwa mamita 4 ndi theka, pepala lojambula ndinasiya m'manja mwa alamu, amisiri ali pomwepo, inunso muli pomwepo.

Ndiye wina amene wabwera kuchokera kumeneko sabata yathayi akuti alamu ali ndi njinga yamoto yatsopano, akunyamula anthu pa Kampepuza. Sindikunena kanthu. Munthu amagula njinga ndi ndalama zake za mbatata. Koma mbatata ya chaka chino munandiuza nokha mmene inachitira. Ine ndine mkamwini, ndikumanga pamalo a kwanu, ndipo akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. N'chifukwa chake sindikufuna phokoso. Ndikufuna tepi.

Kalatayi ikakufikani, m'mawa mwake mutenge tepi yachikasu ija ili m'sutikesi yanga, pansi pa jekete. Mwana agwire kukhoma, inu mukoke. Muyeze mkati mwa chipinda, khoma ndi khoma, m'lifupi ndi m'litali, ndipo ajambule tepiyo manambala akuoneka. Simenti ya pansi isathiridwe mpaka ndione zithunzi zimenezo. Matumba 15 aja muwerengenso, ndipo asamuke kwa alamu abwere kuchipinda kwa agogo.

Mwina mukuti bambowa akulimbikira chiyani mita imodzi. Ndi chifukwa cha tebulo lapakati lija ndinakuonetsani, limene kuno amati island, kunena kuti chilumba, poti limaima lokha pakati osagunda khoma. Zaka zisanu ndakhala ndikumangira anthu ena zimenezi ku Randburg, ku Fourways, ku Sandton, mawondo anga atha n'kugwada pa matailosi a eni ake. Ndikamaliza ndimapukuta fumbi, adona n'kuikapo mbale ya zipatso, ine n'kukakwera takisi. Nthawi zonse m'maso mwanga mumabwera inu 4 koloko m'mawa, mutawerama pa beseni pansi kukanda ufa wa mandasi, nyali ili pambali, kenako kudzuka mutagwira msana. Tebulo limenelo ndi lanu. Mudzikanda mutaimirira, kudula mandasi pamalo otakata, ana akhale mbali inayo kulemba za kusukulu.

Koma chilumba chimadya malo, ndipo masamu ake sanama. Ndikulemberani m'masentimita kuti amisiri amve, ngakhale kuno timayeza m'mamilimita. Makabati a kukhoma amatenga 60. Pakati pa iwo ndi chilumba pamafunika njira ya 100, ikachepetsetsa 90. Chilumba chenichenicho ndi 90, kabati 60 ndi thabwa lotulukira kunja 30 kuti munthu akakhala pampando mawondo alowe pansi. Kuseri kwa mipando kufunikanso 100 kuti wina adutse mnzake atakhala. Zonse pamodzi 350. M'chipinda cha mamita 4 zimalowa n'kutsala malo opumira. M'chipinda cha mamita atatu njira iliyonse imatsala 75, ndipo chitseko cha kabati ndi 60. Mukatsegula kabati, njira yatsekeka. Mutanyamula poto wa mafuta owira, mwana n'kutulukira kutsogolo kwanu, mupatukira kuti?

Ndinaziona ndi maso. Adona ena ku Fourways anakakamira chilumba m'khitchini yopapatiza, abwana anawauza koma sanamve. Tinamanga. Chitseko cha firiji chinkagunda pakona osatseguka chonse, madirowa a masamba osatuluka. Patatha masabata awiri tinabwerera kukachotsa, matailosi ataboola kale. Iwo ali nazo zogulira kawiri. Ife tilibe.

Mbuzi ya mawanga ija musagulitse. Fizi ya mtsikana ili m'ndalama za Lachisanuzi, R800, mukalipire sabata ino ndipo lisiti musunge m'Baibulo.

Makabatiwo ndayamba kale kugula. Ndinazungulira m'mashopu a Builders ndi Leroy Merlin kuyerekeza, ndipo ndasankha a m'makatoni, amene kuno amati flat-pack, osati okhoma kale. Kabati yokhoma kale mkati ndi mphepo yokhayokha, koma adalaivala amalipiritsa malo amene yatenga, ndipo msewu wa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ungaifikitse itagwedera. Ya m'katoni imagona phwatalala ngati chitseko. Mkati muli mbali ziwiri, thabwa la pansi, timatabwa tiwiri ta pamwamba, shelefu, kathabwa kopyapyala ka kumbuyo, ndi kathumba ka zomangira. Mabowo anaboola kale ku fakitale, otalikirana mamilimita 32, ndiye sipafunika kalipentala woganiza zake. Pachilumbapo ndikufuna makabati atatu a 60, kutalika konse 180, mipando itatu, munthu aliyense 60 yake. Yapakati ndi ya madirowa atatu, lapansi lakuya loti mulowe mapoto. Ndinaganiza zongogula zitseko zokha poti madirowa ndi odula, koma kabati ya chitseko imafuna kuti mugwade kufunafuna chivundikiro kumdima, ndipo kugwadako ndi kumene ndikufuna kuthetsa.

Ndagula awiri, yamadirowa ndi imodzi ya chitseko. Yachitatu ndikanagula mwezi uno chikhala kuti sindinadwale. Ali pansi pa bedi langa ku Cosmo City, ndimagona pamwamba pake. Ndalama imeneyi ndi imene ndimasunga podya buledi ndi tiyi masana anzanga akugula nyama. Ndiye ndikamva za njinga yamoto mtima umandiwawa, musandiimbe mlandu.

Bolodi yake ndi chipibodi ya mamilimita 16 yokutidwa ndi pulasitiki yolimba yoyera imene amati melamine. Ndasankha yoyera chifukwa mphemvu imaonekera patali. Ilipo ina yotchipa m'mashopu a mipando m'tauni, yowala bwino kunja, koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere: m'mphepete samata bwino, sikuluwu ukaimanga kawiri imangozungulira. Komabe ngakhale yabwinoyo mdani wake ndi madzi. Chipibodi ndi utuchi wopanikiza ndi guluu, ikamwa madzi imatupa ngati chigumu ndipo sibwereranso. Kuno amaimika makabati pa timiyendo ta pulasitiki ta masentimita 15. Kwathuko, mmene mtsikana amakolopera ndi ndowa yathunthu, timiyendo sitikwanira. Muwauze amisiri kuti pothira pansi adzaumbe kachiunda ka simenti pakati pa chipinda, kutalika 180, m'lifupi 50, kukwera 10, kosalala ndi levulo. Malo ake enieni ndidzatumiza ndikaona tepi. Kabati ndi 72, kachiunda 10, thabwa la pamwamba 4, zonse 86. Kuno timamanga 90, koma inu ndinu wamfupi ndipo kukanda ufa kumafuna kuti mikono itsike.

Asanathire apopere mankhwala a chiswe padothi n'kuyala pepala lakuda lija. Ndalama yake ndinatumiza mu Epulo, R600 yapadera, ndinanena pafoni kuti iyi ndi ya chiswe. Anagula? Botolo lake munaliona? Chiswe cha pamalo amenewo chinadya mafelemu a nyumba ya agogo zaka ziwiri zokha. Aikenso paipi yopyapyala ya mawaya pansi, kuchokera kukhoma kukatulukira pa kachiundapo, atseke kukamwa kwake ndi pepala. Magetsi a ESCOM akadzafika tisadzaswe simenti. Sinki ikhale kukhoma pansi pa windo monga tinajambulira. Wina asakunamizeni kuti tiike pachilumba, mapaipi a madzi oipa pansi pa simenti akatsekeka ndi madeya tidzalira.

Thabwa la pamwamba sinditumiza. Mwala wakuda wa ku Rustenburg umene timaika kwa mabwana timaunyamula anthu anayi, ndipo ungasweke usanafike pa Zalewa. Ndikufuna mlombwa. Kuno amautcha kiaat ndipo ukauona mtengo wake m'shopu umagwira pakamwa, pamene kwathu ndi umene agogo aamuna anapangira chitseko cha nkhokwe. Mukalankhule ndi akalipentala a kuseri kwa tchalitchi aja, osati mnzawo wa alamu. Afune matabwa ouma, awasunge pamthunzi mpaka Disembala. Lonse lidzakhale 186 kwa 90, kuti litulukireko pang'ono m'mbali. Musawapatse ndalama yonse, theka basi, ndipo alembe papepala. Kumbuyo kwa makabati, kumene kudzayang'ane mipando, ndidzatseka ndi bolodi yathunthu chifukwa kathabwa kopyapyala kaja mwana angakaboole ndi phazi. Imeneyo ndadulitsa kale.

Mbaula sidzakwera pamenepo, ndanena lero. Nsima ndi nyemba zidzaphikidwabe kukhitchini yakunja pa mafuwa, imeneyo isagwetsedwe.

Dzulo takumana ku tchalitchi ku Randburg, a kwathu ambiri ndithu. Tasonkha za maliro a mnyamata wa ku Bawi uja, thupi linyamuka Lachitatu, ine ndapereka R100. Mukapite kukapepesa m'malo mwanga, mutenge ufa ndi nkhuku imodzi. Pobwerera ndinadutsa kwa mayi wina amene amagulitsa za kwathu, ndinagula usipa ndi ufa woyera. Ndinaphika usiku, koma usipa wa kuno umafika utatopa, ndinadya ndikuganiza chigwada chotendera chija mumaphika. Muwapatsire adalaivala pobwerera kathumba ka mfutso ndi nsinjiro, alipira ndine.

Makatoni awiriwa ndidzawakweza kumapeto kwa mwezi wamawa, koma pokhapokha tepi itanena zoona. Malisiti ndidzapatsa adalaivala chifukwa a MRA pa Mwanza amafuna kuona mtengo wake. Akadzatsitsa pa Kampepuza mudzapite nokha ndi ngolo, mutenge lona. Kunyumba muwagoneke pansi chogona, pamwamba pa matabwa kapena njerwa, osawayedzamiritsa kukhoma chifukwa bolodi imapindika. Asatsegule munthu. Kathumba ka zomangira kakangotayika, tizitsulo tozungulira tija ndi timitengo tolowetsa m'mabowo simungatipeze pa Ntcheu, ndipo wina adzati tikhome ndi misomali. Chipibodi ikalowa msomali imang'ambika. Ndidzamanga ndekha pa Khirisimasi, ndi mwana wamkulu, aone mmene timayezera kona ndi kona kuti kabati isapendame tisanaike mahinjesi. Wakula tsopano, aphunzire ntchito ya bambo ake.

Tsono ngati tepi inena mamita atatu, musakangane ndi achimwene anu, ndipo musawaonetse kalatayi. Mupite kwa amalume, muwauze kuti mkamwini wawo akupempha akhale pansi ndi ankhoswe a mbali zonse, amisiri akhalepo, pepala lojambula lija libwere. Ndinatumiza ya njerwa, ya simenti, ya malata 28 ndi ya amisiri, zonse zili m'foni mwanga tsiku ndi tsiku lake, ndidzawerenga pamaso pa aliyense. Khoma la kumadzulo ligwetsedwe lisunthe mita imodzi denga lisanakhomedwe, ndipo njerwa zake asandifunse ine. Malatawonso muwerenge, ali kuseri kwa nkhokwe.

Mankhwala a BP a agogo atsala angati? Musadikire athe. Mnyamata wamng'ono aleke kupita kudambo madzulo. Moni kwa agogo, kwa amalume, ndi kwa alamu omwe.

Zithunzi za tepi ndikuzidikira Lachinayi. Mwana akatumize ali yekha.

Ndine wanu,
Bambo a ana