Maholo atsegukireko azisudzo a m'malokeshoni

Akonzi,

Tipatseniko danga tinenepo za magulu a zisudzo ongodzipereka a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa. Anthu awa amakumbukiridwa pakagwa mliri basi. Kukabuka kolera ngati wa mu 2022 ndi 2023, aliyense amafuna sewero la ukhondo pamsika. Mliri ukatha, achinyamata omwewo amabwerera kukayeserera pansi pa mtengo wa mango.

Ambiri amaganiza kuti sewero la m'dera ndi kungovala jekete long'ambika n'kuyamba kuseketsa anthu. Ayi ndithu. Gulu lodziwa ntchito limayamba lakhala pamjigo, pachigayo ndi pamalo okwerera minibasi, kumvetsera zomwe anthu akudandaula ndi mawu omwe akudandaulira. Kenaka limapita kwa amfumu kukapempha bwalo, ndipo nkhani ikakhala ya matenda limakaonana ndi alangizi a zaumoyo. Apa sipofunika kulumpha. Wochita sewero akanena molakwika kasungunulidwe ka Thanzi ORS, m'malo mwa paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, amayi a pamzere wakutsogolo amapita nacho kunyumba cholakwikacho, chifukwa chomwe munthu wachimva akuseka sachiiwala.

Sewero labwino la pabwalo limafuna anthu 8 kapena 10, ndipo lisapitirire mphindi 40. Kuyeserera ndi katatu pasabata kwa mwezi wathunthu, mbali iliyonse yaikulu ikhale ndi anthu awiri oidziwa, poti wina amatha kupeza ganyu m'mawa wa tsiku lomwelo. Ng'oma ziyambe 2 koloko masana kuti zonse zithe dzuwa lisanalowe, makamaka mu Juni pomwe mdima sumachedwa. Ana akhale pansi kutsogolo, chingwe chitchinge, apo ayi amadzaza pochitira sewero. Mkangano ukafika pachimake, wotsogolera aimitse sewero n'kufunsa owonera kuti mayi wa m'sewerolo atani. Pamenepo mpomwe bambo yemwe anali chete amanena zoti chimbudzi cha lendi chinadzadza kalekale ndipo alandilodi sakumva. Kopanda mafunso amenewa, anthu angoseka n'kumwazikana.

Chomwe chimapha magulu ambiri si kusowa luso. China ndi ndalama: mbale ikazungulira kapena za pakhomo zikatoleredwa popanda kaundula, sabata yotsatira theka la gulu silibwera. Awerenge anthu awiri pamaso pa onse, alembe m'kope, thiransipoti ichotsedwe kaye, zotsala zigawidwe monga anagwirizana asanayambe. China ndi alawansi. Bungwe likangobwera nayo kwa miyezi itatu n'kuchoka, palibenso amene amafuna kuyeserera ulele.

Koma chachikulu ndi malo. Pabwalo pamachita bwino m'chilimwe. Kuyambira Disembala mpaka Marichi mvula imathetsa zonse. Holo za mipingo Loweruka zimakhala za maukwati ndi zinkhoswe, ndipo wazisudzo sangapikisane pamtengo ndi mwini ukwati. Kale anthu ankadzadza pa French Cultural Centre kudzaonera Wakhumbata ya malemu Du Chisiza Jr ndi Kwathu Drama Group. Malowa, omwe pano ndi Blantyre Cultural Centre, anasakazidwa Afalansa atachokamo mu 2011. Komabe ngakhale atawala bwanji, mnyamata wa ku Bangwe sangamalipire minibasi katatu pasabata kukangoyesererako. Akufunika denga kwawo komweko.

Pempho lathu kwa khonsolo ya mzinda wa Blantyre, aphunzitsi aakulu ndi akuluakulu a mipingo ndi laling'ono. Kalasi imodzi kapena holo iperekedwe kwa gulu lodziwika kwa amfumu masana awiri pasabata ana akaweruka, ndi Lamulungu limodzi pamwezi la chionetsero. Pakhale kapepala kosainirana konena yemwe asunge kiyi, yemwe asese, ndi yemwe alipire galasi likasweka. Mayunitsi a magetsi a tsiku la chionetsero agule ndi gululo kuchokera pa za pakhomo. M'dera mukagwa maliro, tsikulo lisinthidwe, lisafe.

Makhansala atha kuyamba ndi sukulu imodzi m'wodi iliyonse teremu ikubwerayi, mvula isanayambe.

Okonda zisudzo,
Ndirande, Blantyre