Ndinasiya ntchito n'kutsegula ofesi yanga ya uloya, tsopano ndagwira ndalama za mayi wamasiye

Alangizi,

Nthawi ili cha m'ma 1 koloko usiku ndipo kalatayi ndikulembera mu ofesi, pa Mangochi Boma pano, chifukwa mapepala amene ali patsogolo pangawa sindingapite nawo kunyumba. Dzina langa musalifune. Ndine loya. Ndinagwira ntchito zaka 7 pa kampani ina ya maloya ku Blantyre, ndipo papita miyezi 14 chisiyireni.

Musaganize kuti ndinachoka mwaphuma. Ndinawerengera zonse. Ndinkaona anthu a ku Makanjira, ku Namwera ndi ku Monkey Bay akuvutika ulendo wautali kudzafuna loya m'tauni, ndiye ndinati ndiwayandikire. Dzina la ofesi ndinalembetsa kwa Registrar General, nambala yolipirira msonkho (TPIN) ndinatenga ku MRA, ku banki ndinatsegula maakaunti awiri monga lamulo likufunira, ina ya ofesi, ina yosungira ndalama za anthu amene ndikuwaimira. Lendi ndinalipira ya miyezi itatu pasadakhale. Ndinagula kompyuta, printer ndi kabati ya loko, ndinalemba mlembi komanso mnyamata wokasiya masamoni. Komabe akazi anga anauza mchimwene wawo, ine ndili pomwepo, kuti "bambo awa anasiya ntchito chifukwa cha matama." Mawu amenewo sanandichokebe m'khutu.

Chimene munthu wa pa malipiro sachiona n'chakuti zambiri zimalipiridwa iye osadziwa. Penshoni, abwana amaikapo 10 peresenti iwe 5. Tsopano 10 peresentiyo ndine woti ndiwaikire antchito anga, ine wondiikira palibe. Laisensi ya uloya imatha chaka ndi chaka, ndipo kuti uikonzenso uyenera kulipira ku bungwe la maloya la Malawi Law Society, kukhala ndi inshuwalansi yokuteteza ukalakwitsa ntchito ya munthu, kusonkha ku Fidelity Fund (thumba lobwezera anthu amene loya wawadyera ndalama), kukwanitsa maphunziro oonjezera luso otchedwa CPD, kuonetsa za milandu imene unaimira anthu mwaulere, kutenga tax clearance (chikalata chosonyeza kuti misonkho yako ili bwino), ndiponso kupereka chikalata cha akauntanti chotsimikiza kuti akaunti ya makasitomala ili bwino. Kale zonsezi ndinkangosaina fomu, ndalama ikutuluka m'thumba la ena.

Ntchito kuno ilipo, osanama. Milandu ya malo a m'mbali mwa nyanja, chuma cha masiye, ngozi za pamsewu. Vuto ndi nthawi imene ndalama imatenga kuti ifike. Mlandu wa ngozi umayamba ndi iwe kutulutsa ndalama: lipoti la apolisi, lipoti la kuchipatala, yotsegulira mlandu kukhoti, yokaperekera zikalata ku kampani ya inshuwalansi. Mwini mlandu alibe, n'chifukwa chake wabwera kwa iwe. Ukatero udikire chaka kapena kuposa. Milandu ikuluikulu sizengedwa kwa majisitireti pano, imapita ku High Court ku Zomba. Udzuke 4 koloko, uthire mafuta, udutse pa Liwonde, ukafike n'kumva kuti mlandu wasunthidwa chifukwa a mbali inayo sanabwere. Mafuta amenewo amabweza ndani? Kasitomala amangoona kuti palibe chachitika. Msodzi amalipira nsomba zikafa, nyanja ikatsekedwa amazima foni. Wina amati dikirani mwana atumize ku Joni. Wina amabwera ndi chambo ziwiri ndi mtima wake wonse, ndipo sungamukanire, koma mwini nyumba salandira chambo. Madobadoba nawo amabwera kuti tikubweretsereni milandu ya ngozi mutidulire gawo. Ndinawakana chifukwa malamulo athu salola. Pa chimenechi ndinachita bwino, koma palibe amene amachitchula kunyumba.

Tsopano chimene chandikhazika pano usiku uno. Miyezi inayi yapitayo munalowa chipukuta misozi cha mayi wina amene amuna ake anafa pa ngozi ya galimoto. Ndalamayo inalowa mu akaunti ya makasitomala. Lamulo lake ndimalidziwa ngati dzina langa: ndalama ya mmenemo si yako. Umatengamo gawo lako pokhapokha utalemba bilu n'kuipereka kwa mwini wake, ndipo munthu aliyense amakhala ndi tsamba lakelake m'buku, loti kumapeto kwa mwezi ligwirizane ndi sitetimenti ya kubanki. Ine ndinatengamo yoposa gawo langa. Kuchuluka kwake sindinena. Ndinalipira lendi ya miyezi iwiri, malipiro a mlembi ndi fizi ya mwana. Ndinadziuza kuti ndi za masabata awiri okha, popeza panali bilu ina yaikulu imene mwini malo ogona alendo wina analonjeza kulipira. Mpaka lero sanalipire. Mayi aja ndinawapatsa theka n'kuwauza kuti yotsalayo ikuchedwa kubanki.

Sindinamwere ndalamayo, Alangizi, sindinagulire galimoto. Akanalipira munthu uja nkhaniyi bwenzi palibe. Komanso akazi anga akanavomera pamene ndinapempha kuti tichedwetse fizi ndi temu imodzi yokha, sindikanafika apa. Ayi, ndisawanamizire, fiziyo inali gawo lochepa. Dzanja linasaina cheke ndi langa.

Koma ndiloleni ndinene za alamu angawa, chifukwa zikundipweteka. Potsegula ofesi anandibwereka mipando inayi ya pulasitiki ndi tebulo limodzi, zimene zinkangokhala m'sitolo mwawo fumbi lili mbuu. Sindinapemphe, anabweretsa okha pa njinga yamoto maulendo awiri. Mwezi wachitatu ndinagula mipando yanga, yawo ndinatsuka n'kubweza, umodzi wokha unathyoka mwendo ndipo ndinalipira. Koma pa ukwati, pa maliro, pa sadaka, amauza anthu kuti ofesi ya loya anamuyambitsira ndi iwo. Ndiye mlongo wawo akaonjezapo za matama, ine ndikhale pati? Zaka 7 ndinkalemba zikalata usiku, wina n'kusainapo dzina lake. Kufuna kuti dzina langa likhale pa chitseko ndi matama?

Nthawi yokonzanso laisensi ikuyandikira. Akauntanti akangoyala buku ndi sitetimenti aona dzenjelo tsiku lomwelo, ndipo ngakhale nditabweza mawa, tsiku lotulutsa ndi tsiku lobweza zidzaonekabe. Mayi aja akakadandaula ku Law Society, nkhani ipita ku komiti yosungitsa mwambo, kumene munthu amaimitsidwa ntchito kapena kufufutidwa m'kaundula wa maloya. Ikhozanso kukafika kupolisi. Wakatapila wina wati andipatsa ndalamayo sabata ino, koma chiongoladzanja chake cha mwezi umodzi chikuposa lendi. Puloti imene ndikanagulitsa ili pamalo a kuchikazi, ndipo sindingaikhudze popanda amalume awo a akazi anga kudziwa chifukwa chake. Kutseka ofesi nako si kungokhoma chitseko: ndili ndi mafayilo 40 oti apite kwa maloya ena eni ake atavomera, masiku a kukhoti oikidwa kale, ndi antchito awiri oti ndiwapatse notisi ndi zawo zonse.

Ndiye ndiyambire kuti? Ndiwauze kaye akazi anga, amene ndikudziwa kuti dzuwa lisanalowe nkhani ikhala itafika kwa mchimwene wawo? Kapena ndiyambe ndi mayi wamasiyeyo, ndiwauze zoona ndi kuwalembera tsiku lowabwezera, podziwa kuti pepala lomwelo ndi umboni wondimanga? Ndikapite ndekha kwa akuluakulu a ntchito yathu asanandiitane? Ndikagwade kwa abwana anga akale, amene ndinawatsanzika mutu uli m'mwamba? Nanga mkazi amene ananena zija pamaso pa mlongo wake, kodi anali kundinyoza, kapena anaona chimene ine sindinkaona? Mwina mantha ndiwo ankamuyankhulitsa, sindikudziwa, takhala miyezi iwiri tikungokambirana za ndiwo ndi za ana.

Mayi aja anaimba dzulo pa foni ya mwana wawo. Akuti abwera Lachisanu ndi minibasi yoyamba yochokera ku Namwera, akufuna kugula malata mvula isanayambe. Anandifunsa ngati abwere ndi chitupa chawo, ine ndinati inde bwerani nacho.

Wothedwa nzeru,
Mangochi