Kalata yotseguka kwa a Nduna ya Zaumoyo: mankhwala otsala tizipita nawo kuti?

Olemekezeka a Nduna,

Landirani moni. Ndalemba poyera chonchi chifukwa njira zina ndayesa zakanika, ndinafunsa pachipatala chathu chaching'ono, ndinalemba kalata ku ofesi ya zaumoyo kuno kwathu, ndinakayankhulanso pa msonkhano wa komiti ya m'dera, konseko yankho ndi loti tamva mayi tiziona. Funso langa silovuta, mankhwala akatsala pakhomo tizipita nawo kuti?

Mwezi wathawu tinatsala pang'ono kuika m'manda mwana wa mchemwali wanga, kamwana ka zaka zitatu. Mayi ake atachira anatsala ndi mapiritsi owonjezera magazi aja amapereka kusikelo, ofiira aja ooneka ngati maswiti, ndiye atakhalitsa anakawataya kudzala kuseri kwa nyumba poti kwina kotaya kulibe. Ana akusewera masanje anatola kapepala kaja. Pomwe timazindikira mwana akusanza mosalekeza, lilime lofiira, m'manja atafumbatabe mapiritsi awiri onyowa. Tinathamanga naye pa kabaza kukuda, mayi ake akulira njira yonse akumugwedeza kuti asagone. Kuchipatala anatiuza kuti ayironi wa m'mapiritsi amenewa akachuluka amawotcha m'mimba ndi kuwononga chiwindi, ndipo choopsa nchoti mwana amatha kuoneka ngati wapeza bwino kenako nkudzafooka mwadzidzidzi, ndiye anamugoneka pa dripi. Wapulumuka, tithokoze Mulungu ndi anamwino aja. Koma mchemwali wanga mpaka lero tulo alibe, anthu akumunena kuti ndi mayi wosasamala, a Nduna ndiuzeni inuyo, akanakataya kuti?

Ndipo si pakhomo pathu pokha ayi. Lowani nyumba iliyonse mupeza jumbo kapena chitini, muli LA wa malungo wosamaliza, Bactrim, amoxicillin, mankhwala a BP ndi a shuga a malemu agogo, ma ARV a munthu amene anatisiya kalekale, pena ngakhale morphine wamadzi amene amapatsa odwala khansa. Ena akutaya m'chimbudzi chokumba pomwe chitsime chili pafupi pomwepo, ena mumtsinje momwe amayi akuchapa, ena akuwotcha pamodzi ndi mapulasitiki ana nkumapuma utsiwo, ena akuthira m'madzi a nkhuku, ena akugawira aneba akangomva kuti mutu ukuwawa. Otha mphamvu enawo amapezekanso pa thebulo la venda pamsika, padzuwa.

Inu mukudziwa bwino kuposa ine zomwe zimachitika tizilombo tikazolowera mankhwala. Dziko lino linasiya chloroquine mu 1993 chifukwa malungo anasiya kumumva, tinalowa Fansidar nayenso anatopa, mu 2007 ndi pomwe kunabwera LA. Nanga LA ameneyu ndi maantibayotiki tikuwamwa theka nkumamwaza paliponsewa akasiya kugwira ntchito tidzathawira kuti, ife osauka amene sitingakwere ndege kukalandira thandizo kunja?

Ndikukulemekezani bwana, ndipo ndikudziwa kuti mavuto mu unduna wanu ndi ambiri, mankhwala enieniwo akusowa m'zipatala. Koma zolemba papepala zokha zatikwana. Munali ndondomeko yolimbana ndi vuto la tizilombo tosamva mankhwala ya 2017 mpaka 2022, zaka zimenezo zinatha. Mu 2019 kunabwera lamulo lokhazikitsa bungwe la PMRA kuti liziyang'anira za mankhwala m'dziko muno, tinamva pawailesi tinasangalala. Koma kuno kwathu palibe anatiuzapo kuti botolo la sirapu wa mwana likatsala theka tizitani nalo, pakaenvelopu ka mapiritsi amangolemba kuti awiri m'mawa awiri madzulo basi.

Chomwe ndikupempha sichofuna mabiliyoni. Lamulani kuti pachipatala chilichonse, cha boma, cha mishoni ngakhale pa famase, pakhale bokosi lokhoma ndi loko pomwe munthu angaponye mankhwala otsala popanda kufunsidwa mafunso kapena kukalipiridwa kuti bwanji sunamalize, chifukwa anthu akaopa kukalipiridwa sabweretsa. Ma HSA, alangizi a zaumoyo aja, akamabwera kusikelo ya m'mudzi azilandiranso. Galimoto yomwe imabweretsa mankhwala isamabwerere yopanda kanthu, izinyamula mabokosiwo kupita nawo komwe kuli ng'anjo yowotchera zinyalala zachipatala. Ndipo uthenga upite pawailesi m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe ndi Chisena, komanso wopereka mankhwala pawindo azinena pakamwa kuti akatsala mubweze kuno.

Mutiyankhe poyera a Nduna, mutiuze mwezi womwe mabokosiwa ayambe kuikidwa komanso ofesi yomwe tizikafunsa akapanda kufika.

Ine mayi wokhudzidwa,
nzika ya dziko lino