Ife a shuga ndi BP tiyankheni kaye mafunso athu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya katemera wa korona koma kumbali ya ife amene timakhalira mankhwala tsiku ndi tsiku, chifukwa mu 2021 pa wailesi tinkangomva kuti amene muli ndi matenda amgonagona thamangani mukabayitse, basi nkhani yathera pomwepo, palibe amene amatifunsa kuti nanga chikukuletsani nchiyani.

Ine ndimakhala cha ku Lizulu, ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pamsika. Shuga anandipeza nayo mu 2016, BP inabwera pambuyo pake. M'mawa uliwonse ndisananyamule dengu ndimayamba ndamwa metformin ndi kambewu ka BP, buku langa lakuchipatala ladzadza mpaka ndinasokererapo lina. Ndiye ndikamalankhula za mantha a munthu wodwaladwala ndikunena zomwe ndadutsamo ndekha.

Katemera woyamba wa AstraZeneca anafika pa 5 Marichi chaka cha 2021, pa 11 Marichi a Chakwera anabayitsa ku Zomba, a Chilima mwana wakwathu konkuno ku Ntcheu anabayitsa ku Mzuzu, tinamva ndithu. Komabe ine ndinakhala mpaka Ogasiti osapita. Sikuti ndimakhulupirira za 666 ayi, ndimapemphera ndipo zimenezo sizinandilowe. Za kusabereka nazo sizimandikhudza, ana ndinamaliza kalekale. Mantha anga anali ena. Ndimadzifunsa kuti thupi ili kale ndi mankhwala awiri tsiku lililonse, nanga akathiramo chachitatu sizikamenyana m'katimo? Kenako kunabwera ma voice note aja pa WhatsApp onena kuti katemerayu akuundanitsa magazi. Tsono taganizani a Mkonzi, matenda angawa pa Chichewa timati kuthamanga kwa magazi, munthu wotere ukamuuza kuti jakisoni uyu amagwira magazi, mutu wake umathamangira kuti ndiye kuti ine ndi woyamba kugwa sitiroko. Pa benchi pathu tonse timaganiza chimodzimodzi, azibambo ndi azimayi omwe.

Alamu anga amamwa ma ARV kuyambira kalekale, ali bwinobwino amalima dimba lawo, koma iwo mantha awo ndi oti katemera ndi kachilombo komwe akukulowetsa dala, ndiye kwa munthu amene chitetezo chake nchogwirizira ndi mankhwala si kumuitanira imfa kumeneko? Funso limeneli si lopusa ayi, ndi la munthu amene anavutikira moyo wake ndipo sakufuna kuutaya chisawawa.

Ndinayesapo kufunsa. Tsiku lina la sikelo yathu ya shuga mu Juni, tinafika mbandakucha osadya kanthu poti amayeza munthu asanadye, mphepo ija ya kuno yochita kuluma zala, mzere utafika panja. Itakwana nthawi yanga ndinati adokotala, nanga za katemerazi ife a shuga zili bwanji? Anandiyankha maso ali m'buku kuti mayi ingopitani mukabayitse, wina abwere. Sindikuwada, anali okha anthu ali mbwee pakhomo. Koma ndinatuluka ndi mantha anga omwe aja, kuonjezeraponso mankhwala a BP kunalibe mwezi umenewo anatiuza kuti tikagule ku famase. Ndiye mumtima umati, mankhwala anga enieni akusowa, koma jakisoni uyu yekha ndi amene mukundikakamiza, bwanji? Chikhulupiriro chimathera pa zinthu ngati zimenezi.

Nkhani yowotcha katemera ija nayonso inatibweza m'mbuyo kwambiri. Pa 19 Meyi ku Lilongwe anawotcha madozi 19,610 a AstraZeneca. Chifukwa chake chinali chomveka, anali ena mwa madozi 102,000 ochokera ku African Union omwe anafika kumapeto kwa Marichi koma masiku ake amatha pa 13 Epulo, ndiye boma limafuna anthu aone ndi maso kuti wotha ntchito sakubayidwa munthu. Koma pofika pamsika pathu nkhani inali itatembenuka, amayi ogulitsa tomato akuti mwamva, aupeza kuti ndi poizoni awotcha. Palibe anabwera kudzaiwongola.

Chimene chinandigwedeza ndi mwezi wa Julaye. Bambo ena omwe timakhala nawo benchi imodzi ku sikelo, nawonso a shuga, munthu wansangala amene amatigawira nthochi tikamaliza kuyezedwa, anayamba ndi kachifuwa, akuti ndi kuzizira kwa kuno. Anafukiza bulugamu, kumwa mandimu ndi jinja ngati mmene timachitira tonse, pofika kuchipatala mpweya unali utatsika ndipo shuga itakwera zosagwirika. Sanathe sabata. Maliro ake sitinaone nkhope, sitinagone kusiwa monga mwa mwambo wathu, bokosi linangochoka pagalimoto kulunjika kumanda. Ndinakumbukiranso Januwale pamene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi pa 12, anthu oti chithandizo sichikanawasowa. Ndinati nanga ine wogulitsa kabichi ndidzathawira kuti.

Mwezi wotsatira ndinapeza kadokotala kena kachinyamata, ndinati achimwene lero sindichoka musanandiyankhe. Anaseka, anatseka buku, nandipatsa mphindi zisanu zokha basi. Anati amayi, m'katemeramu mulibe korona wamoyo, sangakudwalitseni korona, amangophunzitsa thupi kuzindikira timinga tija ta kachilomboka kuti tsiku lodzabwera kenikeni asilikali a m'thupi adzakhale atakadziwa kale. Anati metformin, mankhwala a BP, ma ARV, zonsezi sizilimbana ndi katemera ndipo musadzayerekeze kusiya kumwa tsiku lobayitsa. Za magazi kuundana sanabise, anati zinachitikadi kwa anthu ena koma ochepetsetsa kwambiri poyerekeza ndi mamiliyoni omwe abayitsa, ndipo ndi vuto lina losiyana ndi BP yanuyi, pomwe korona yemweyo akakugwirani ndi amene amaundanitsa magazi kwambiri. Mawu amene anandikhala ndi awa, anati shuga imafooketsa chitetezo, ndiye matenda akalowa shuga imakweranso, ziwirizi zimakokerana pansi, nchifukwa chake inu munaikidwa patsogolo pa mzere. Anandifunsanso ngati ndinayamba ndatupapo kapena kubanika nditabayidwa jakisoni wina, ndinati ayi, anati ndiye palibe chokuletsani, koma mukadzakhala mukutentha thupi tsikulo mudzadikire muchire kaye.

Ndinabayitsa Johnson & Johnson amene anafika mu Ogasiti, wa kamodzi uja, chifukwa ndinaona anzanga a AstraZeneca mmene anavutikira mu Juni katemera atatha iwo akudikira wachiwiri. Ndisaname kuti sindinamve kanthu. Mkono unalemera, usiku ndinazizidwa ndinafunda mabulangete awiri, m'mawa kamakina koyezera shuga kamene mwana wanga ananditumizira kuchokera ku Joni kanaonetsa kuti yakwerako kuposa masiku onse, mtima unagunda ndithu. Koma dokotala uja anali atandiuziratu kuti thupi likatentha shuga imatha kukwera tsiku limodzi kapena awiri, ndinamwa panado, madzi ambiri, mankhwala anga monga mwa nthawi zonse, tsiku lachitatu ndinali pamsika. Akanapanda kundiuziratu ndikanafalitsa ndekha mudzi wonse kuti katemera wandipweteka. Masiki ndimavalabe mu minibasi poti anandiuzanso kuti wobayitsa akhoza kutenga matendawa, kungoti nthawi zambiri safika pogonekedwa pa mpweya.

Tsono pempho langa kwa akuluakulu azaumoyo kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza ndi ili. Ife simukuyenera kutisaka, timabwera tokha mwezi ndi mwezi, a shuga ndi BP tsiku lathu, a ma ARV tsiku lawo, a mphumu, a khunyu, tonse maina athu ali m'mabuku anu. Bweretsani katemera pomwepo pa benchi, ndipo pakhale munthu mmodzi, kaya namwino kaya mlangizi wa zaumoyo, woti ayime kutsogolo tikudikira kuyezedwa ayankhe mafunso athu mmodzimmodzi osatikalipira. Timakhalapo maola atatu anayi tikungoyang'anana. Kumuuza gogo wa ku Tsangano kapena kumapiri a Bembeke kuti abwerenso tsiku lina kudzabayitsa ndiye kuti alipirenso kabaza kawiri, sabwera ameneyo. Mawailesi nawonso, m'malo mwa kanyimbo komweko kobwerezabwereza, itanani dokotala tiziimba foni ife odwala tizifunsa za matenda athu enieni m'Chichewa chomveka. Ndipo chonde mankhwala athu asamasowe, munthu amamvera amene akumusamala.

Alamu anga aja mpaka lero sanabayitse. Ndawafotokozera zonse zomwe ndinamva koma akuti mlamu, inu si dokotala, ndikufuna ndimve pakamwa pa amene amandipatsa mankhwala anga. Ndawamvetsa. Tsiku lawo lokatenga ma ARV ndi Lachinayi likubwerali, ndawauza kuti kabichi ndisiyira mwana, ndiwaperekeza tikafunse limodzi.

Ine wanu,
Mayi wodwala shuga ndi BP
Lizulu, Ntcheu